Musanabzale, Werengani Chimene Mukusiya

Okutobala akangofika, alimi a ku Chongwe, Kafue ndi Chilanga amatifunsa ife alangizi funso limodzimodzi: "Alangizi, feteleza ndigule matumba angati?" Ine ndimayamba ndawafunsa langa. Pamene mukufuna kubzala chimangapo, pakanamera chiyani china?

Ambiri powerengera zolowa m'munda amalemba mbewu, D Compound, urea, aganyu ndi galimoto yotuta. Zonsezo n'zoona, koma pali mtengo wina umene sulembedwa pa lisiti. Lima imodzi, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, ikakhala ndi chimanga kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndiye kuti miyezi yonseyo simunathyolepo lepu kapena kabichi. Phindu la mbewu yopambana pa zimene mwazisiya ndiwo mtengo weniweni wa chimanga chanu. A zachuma amautcha opportunity cost. Malo, madzi a pachitsime ndi maola a tsiku zili ndi malire: chimene mwapatsa ichi, mwamana icho. Paja akulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Tsiku lina mudzalawirire ku Soweto Market mu Lusaka, malole akamatsitsa katundu, mudzaone kumene zinthu zikuchokera. Nyemba n'za ku Mbala ndi Solwezi, mpunga wa ku Mongu ndi Nakonde, kapenta wa ku Siavonga ndi Mpulungu, mtedza wa ku Chipata. Zonsezi n'zouma, zimayenda ulendo wautali osawonongeka. Koma mtolo wa lepu kapena chibwabwa umene wathyoledwa dzulo madzulo, pofika masana wafota kale. Mlimi wa kutali sangapikisane nanu pa ndiwo zamasamba, chifukwa inu muli pakhomo pa msika. Tsono zimandipweteka ndikaona dimba la madzi osaphwa, pafupi ndi msewu wa Great East, lili chimanga chouma chokhachokha, mbewu imene mlimi wa ku Mkushi amakolola pa minda ikuluikulu ndi makina. Lepu mumayamba kuthyola pakangotha mwezi kapena kuposerapo pang'ono chiwokereni, ndipo mumathyola sabata ndi sabata. Chimanga mumakolola kamodzi, kenako mudikire msika wa FRA, bungwe la boma logula chimanga.

Mu 1817, David Ricardo, katswiri wa zachuma wa ku England, anafotokoza nkhaniyi ndi nsalu ndi vinyo. M'chitsanzo chake, ku Portugal nsalu inkafuna anthu 90 pa chaka ndipo vinyo anthu 80, pamene ku England nsalu yomweyo inkafuna anthu 100 ndipo vinyo anthu 120. Portugal inkaposa pa zonse ziwiri. Komabe kunali kwanzeru kuti Portugal ilimbikire vinyo, kumene inkaposa kwambiri, nsalu izigula ku England. Mayiko onse awiri akanapindula.

Tibweretse zimenezi pakhomo. Tiyerekeze mayi ali ndi dimba ndi mwana wake wamwamuna. Mayiyo amamposa mwanayo pothyola ndi pomanga mitolo, amamposanso pogulitsa. Koma kudimba kusiyana kwawo n'kochepa: mayi akamanga mitolo khumi, mwana wamanga isanu ndi itatu. Kumsika ndi nkhani ina. Mayi amawadziwa ogula mmodzimmodzi, amadziwa amene amalipira pompopompo ndi amene amati "ndikupatsani mawa". Mwana akapita yekha amamutsitsa mtengo asanatsitse n'komwe thumba pamutu. Mayi akatsala kudimba banja lipindula mitolo iwiri, koma litaya mtengo wa thumba lonse. Apa mwana atsale ndi khasu ndi kheni, mayi akwere basi. Musamafunse kuti wodziwa ndani. Muzifunsa kuti akachoka ndani pamene timataya zochepa.

Musandimve ngati ndikuti tayani chimanga. Tonse tikukumbukira 2024, pamene chilala cha El Niño chinapsereza minda mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka. Ufa unakwera mtengo, ndipo madzi atatsika ku Kariba magetsi ankazima maola ambiri, mapampu othirira n'kuima. Banja lopanda kanthu m'nkhokwe linavutika kawiri. Chimanga cha nsima ya ana ndi chitetezo, ndipo chitetezo nachonso n'choyenera kulipirira. Werengani matumba a makilogalamu 50 amene banja lanu limadya pa chaka, mulime okwanira pamenepo, pamtunda podalira mvula. Malo a madzi muwasungire mbewu yobweza ndalama msanga.

Ndiwo zamasamba nazonso zili ndi minga yake. Tomato aliyense akabzala nthawi imodzi, mabokosi amangounjikana pa Soweto, mtengo n'kugwa. Kachilombo ka Tuta absoluta kanalowa m'dziko muno mu 2016, ndipo kamadya ndalama zambiri za mankhwala. Tomato wa dzinja amagulidwa bwino chifukwa matenda a masamba amagonjetsa alimi ambiri, koma amafuna munthu wopopera pa nthawi yake, osadumpha. Ngati manja ndi ochepa pakhomo, yambani ndi lepu pa kamalo kochepa.

Sabata ino tengani kope la mwana wasukulu. Lembani mbewu ziwiri kapena zitatu zimene zingamere pa lima yanuyo. Pansi pa iliyonse lembani ndalama zolowa, masiku a ntchito, madzi ofunika, ndi mtengo wotsikitsitsa umene munauonapo pamsika, osati wokwera umene mumaulota. Masiku a ntchito ya inu eni muwaike pa mtengo wa ganyu, chifukwa nawonso si aulere. Kopelo mubwere nalo kwa mlangizi wa m'dera lanu mvula isanagwe, tikhale pansi tiwerengere limodzi musanagule thumba ngakhale limodzi la feteleza.