Kulipira anthu kuti asinthe khalidwe pa zaumoyo: malire ake ali pati?

Alangizi a zaumoyo amafunsidwa kawirikawiri ngati n'koyenera kupatsa munthu ndalama kuti asiye fodya, akabayitse mwana katemera kapena azimwa mankhwala mwandondomeko. Ine ndimati n'koyenera, malinga ngati munthuyo angathe kukana popanda kutaya thandizo limene akanalandira ndi kale lomwe.

Umboni woti njirayi imathandiza ulipo. Pa kafukufuku wa mumzinda wa Glasgow ku Scotland amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015, amayi oyembekezera osuta fodya analonjezedwa makuponi ogulira zinthu okwana mapaundi 400, ndipo ankawalandira pang'onopang'ono, ena mwa makuponiwo ankawalandira akatha kupumira m'kachipangizo kosonyeza ngati munthu wasuta posachedwapa. Amayi oposa 22 mwa 100 aliwonse anasiya fodya, pamene mwa amene sanalonjezedwe kanthu anasiya ndi osakwana 9. Ena amadandaula kuti kutero n'kupereka mphoto kwa wosuta pamene wosasuta sakulandira kalikonse, ndipo dandauloli ndi lomveka, koma tisaiwale kuti wopindula kwambiri ndi mwana wa m'mimba, amene sanasankhe kupuma utsiwo.

Choopsa chenicheni chili pa umphawi. Ndalama imene wolemera angaikane mosavuta imakhala ngati lamulo kwa kholo limene ana ake agona ndi njala. Ku India, m'zaka za 1975 mpaka 1977, anthu mamiliyoni anatsekedwa kuti asadzaberekenso, ena atanyengereredwa ndi ndalama, ena ataopsezedwa, ndipo ambiri mwa iwo anali osauka. N'chifukwa chake chinthu chimene sichingabwezeretsedwe, kapena choika moyo pachiswe, chisamalipiridwe mpang'ono pomwe.

Pokonza ndondomeko yotere, lipirani chimene munthu ali nacho mphamvu, monga kufika kuchipatala pa tsiku lake, osati zotsatira monga kutsika kwa shuga m'magazi, pakuti matupi amasiyana ndipo wakhama angathe kulephera. Mphatsoyo ikhale yaing'ono, yongochepetsa mavuto a ulendo ndi nthawi yotayika. Wobwerera ku fodya musam'chititse manyazi kapena kumuitana dzina pagulu, ndipo alandirebe uphungu monga kale. Pa tsiku loyamba lomwe, muuzeni munthuyo mwezi umene malipiro adzathe, chifukwa ena amabwerera ku chizolowezi chawo ndalama zikasiya kubwera, ndipo nthawi imeneyo mlangizi ayenera kumuyendera pafupipafupi kuposa kale.