Momwe Mungafufuzire Gwero la Mayina a Zipatso ndi Mitundu

Amene akufuna kudziwa kumene dzina la chipatso linachokera ayambe wafufuza kwawo kwa mtengowo, chifukwa nthawi zambiri dzina limayenda ndi mbewu m'manja mwa amalonda. Chinanazi ndi mbewu ya ku South America, ndipo dzina lake linachokera kwa anthu olankhula Chitupi, amene mawu awo Apwitikizi anawasandutsa "ananás". Mango kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo. Mpwitikizi woyenda panyanja Vasco da Gama atafika ku Calicut, doko la ku India, mu 1498, Apwitikizi anatola dzinali m'zilankhulo za kummwera kwa India n'kumalitchula kuti "manga".

Mukadziwa kwawo, londolani njira imene dzinalo linadzera, osalumpha chilankhulo chilichonse. Lalanje ndiye chitsanzo chabwino koposa. M'Chisansikiriti, chilankhulo chakale cha ku India, ankati "naranga", Aperezi anati "narang", Aluya anati "naranj", Asipanishi anati "naranja", pomwe Apwitikizi anaika l m'malo mwa n woyamba uja n'kunena kuti "laranja", ndipo m'menemo ndi mmene munatuluka lalanje wathuyu. Lembani mawuwa motsatizana papepala, kenaka muone chilembo chimene chasintha pa sitepe iliyonse. Mudzapeza kuti ku Italy n anagweratu, n'kutsala "arancia". Kusintha kotere kuyenera kukhala ndi chifukwa chomveka, apo ayi mwina mwasokera.

Pa mitundu monga kufiira ndi chikasu, funso lofunika ndi lakuti chinayamba n'chiyani pakati pa chinthucho ndi mtundu wake. M'Chingerezi, "orange" linali dzina la chipatso kaye, ndipo linayamba kutanthauzanso mtundu cha m'ma 1500. Chikasu nachonso ndi chomera chimene muzu wake ukauswa umathimbiritsa zala, ndiye chifukwa chake nsalu yooneka choncho timati ndi yachikasu. Koma kuyera, kuda ndi kufiira musavutike n'kuzifunira chipatso, pakuti amenewa ndi mawu akale kwambiri. Akatswiri ofufuza za zilankhulo Brent Berlin ndi Paul Kay anafotokoza mu 1969 kuti zilankhulo zimayamba kusiyanitsa choyera ndi chakuda, ndipo mtundu wachitatu kupeza dzina umakhala wofiira. Ena amatsutsa mbali zina za maganizo awowo, komabe ndi poyambira pothandiza.

Chenjerani ndi mawu ongofanana kamvekedwe, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwa. Tauni ya Orange ku France siinatchedwe choncho chifukwa cha malalanje. Dzina lake lakale linali Arausio, ndipo linangodzafanana ndi la chipatsocho patapita zaka zambiri. Banja lachifumu la ku Netherlands linatenga dzina lake ku tauni imeneyi, kenaka mtundu wa lalanje unadzakhala chizindikiro chake. Choncho musanakhulupirire nkhani yokoma ya gwero la dzina, tsegulani mtanthauziramawu wofotokoza mbiri ya mawu, muone chaka chimene liwulo linalembedwa koyamba komanso tanthauzo limene linali nalo pa nthawiyo.