Mayi woyembekezera akavulala msana, chonde tizichita chonchi

Ngozi za kabaza ndi maminibasi sizisankha, amayi apakati nawonso akuthyoka msana, ena pongoterereka ndi ndowa pamutu. Zikatere musamunyamule wina miyendo wina manja ngati thumba la chimanga, fupa lothyoka lija likasuntha limatha kudula mtsempha waukulu wa mumsana ndipo kufa kwa ziwalo kumayambira pomwepo. Pezani chitseko kapena thabwa, mmodzi agwire mutu usagwedezeke, enanu mumusunthe thupi lonse limodzi. Koma ngati mimba yapyola masabata 20 asagone chagada mpaka kuchipatala chifukwa chiberekero chimapsinja mtsempha wobwezera magazi kumtima bipi nkutsika, ndiye ikani nsalu zopinda pansi pa chitsekocho mbali yakumanja kuti chonse chipendekeke pang'ono kumanzere, osati kumupotokola iyeyo ayi.

Kuchipatala achibale ambiri amakana ekisireyi ati ipha mwana. Musakane abale anga, adokotala amadziwa kuchepetsa mphamvu yake, MRI, makina ena ojambulira mkati mwa thupi, ndiye ilibe ndi cheza chomwe, ndipo mwana sangapulumuke mayi ake asanathandizidwe. Ovulala kwambiri amatumizidwa ku Queens ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Pobwerera kunyumba ntchito imakhala ya gadiyani. Kumutembenuza maola 2 aliwonse usiku womwe kuti asatuluke zilonda, madzi akumwa ambiri, kapaipi ka mkodzo kaukhondo poti matenda a mchikhodzodzo amatha kuyambitsa kubereka masiku asanakwane. Mwendo umodzi ukatupa thamangani naye, mwina magazi aundana.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi, amene anavulala kuyambira fupa la msana la T6 (cha kumbuyo kwa chifuwa) kukwera, mutu ukamuwawa mwadzidzidzi ngati ukuphulika, thukuta kumaso, mphuno kutseka, imeneyo ndi bipi yakwera moopsa ndipo imatha kumupha. Chimayambitsa ndi mkodzo kudzadza, kudzimbidwa kapena matenda a uchembere amene. Mukhazikeni tsonga ngati msana unachira kale, masulani zomuthina, onani kapaipi ngati kapindika, kenako kuchipatala msanga.

Komanso wovulala pamwamba pa fupa la T10 (mmunsi pang'ono mwa T6) nthawi zambiri samva ululu matenda a uchembere akayamba, aphunzire kugwira mimba ndi dzanja kuti azimva ikamauma. Asaphonye sikelo, apite kukadikirira kuchipatala chachikulu masiku akadalipo. Ambiri amabereka bwinobwino popanda opaleshoni, ndipo jakisoni wa pamsana woletsa ululu amateteza kuti bipi isakwere pobereka, ndiye mukambiranetu ndi adokotala tsiku lisanafike.