Madzi a dibi ya nkhosa musawataye mu ngalande

Mukamaliza kusambitsa nkhosa, madzi otsala mu dibi amakhala akadali ndi poizoni. Mankhwala ngati cypermethrin, ngakhale pang'ono chabe, amapha nsomba ndi tizilombo ta m'madzi. Kuwathira m'dzenje kapena kutsegula dibi kuti atsetserekere kudambo ndiye koopsa, chifukwa amalowa pansi n'kukafika m'chitsime.

Asungunuleni kaye: ndowa imodzi ya madzi a dibi, ndowa zitatu za madzi wamba. Kenako awazeni mopyapyala pa malo athyathyathya a udzu wambiri, osapitirira malita 5,000 a madzi a dibi pa hekitala (kuwerengera musanawonjezere madzi wamba aja). Malowo atalikirane ndi mtsinje mamita osachepera 10, ndipo chitsime, kasupe kapena mjigo zikhale kutali mamita 50. Udzu ndi dothi lapamwamba zimagwira mankhwalawo, ndipo tizilombo ta m'nthaka timawaphwanya pang'onopang'ono. Nthaka ikakhala yonyowa kwambiri kapena mvula ikamaopseza, dikirani, apo ayi onse akokoloka. Ziweto zisadye pamenepo kwa mwezi wathunthu.

Chigubu chomwe munali mankhwala chitsukeni katatu, madziwo muthire mu dibi momwemo, kenako chibooleni kuti wina asakatungire madzi akumwa. Valani magolovesi ndi gambutsi.