Momwe mungapezere ndi kuzindikira zithunzi zakale za masiteshoni a sitima ya malasha

Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero timati ku Nsanje, inafika mu Blantyre mu 1908, ndipo pofika 1935 inali itafika ku Salima. M'mbali mwake munali timasiteshoni ta kumudzi monga Sankhulani, Thekerani, Sandama ndi Khonjeni chakumwera, Lirangwe, Utale ndi Sharpevale chakumpoto. Nyumba zina zinasasuka kalekale, makamaka kuchigwa komwe madzi anadula njanji cha ku Chiromo mu 1997. Zithunzi zake zilipo, koma zambiri zilibe dzina la malo kapena chaka, ndipo ntchito yaikulu yagona pamenepo.

1. Yambani ndi masutikesi a pakhomo

Musathamangire pa intaneti. Mabanja a anthu amene anagwira ntchito ku Railways, ngati awo a ku Mpingwe ndi madera ena a ku Limbe, amasunga zithunzi pamodzi ndi mapepala a penshoni. Pitani masana, mupereke moni mokwanira, nkhani ya zithunzi ibwere pambuyo. Funso loti "Agogo, muli ndi zithunzi zakale?" kawirikawiri yankho lake ndi loti zinatayika. Koma mukati "Agogo, popita ku Limbe munkakwerera pati?" nkhani imayamba yokha, ndipo posakhalitsa mdzukulu amatumidwa kuchipinda kukatenga alubamu.

2. Jambulani pomwepo, musabwereke

Ikani chithunzi pa tebulo pafupi ndi zenera, zimitsani fulashi ya foni, jambulani kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Kumbuyoko anthu amaiwala, pomwe ndiko kumakhala chidindo cha wojambula kapena timawu ta pensulo. Chithunzi chomatidwa ndi guluu mu alubamu chisiyeni momwemo, mukachikoka chimang'ambika.

3. Pezani chaka

Apa dekhani, kulitsani chithunzicho pa foni n'kuyang'ana zilembo za pa mabogi ndi pa mutu wa sitima. SHR ndi Shire Highlands Railway, kampani yoyamba ija. NR ndi Nyasaland Railways, imene inatenga njanji kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Dzina la Malawi Railways linabwera ndi ufulu wa 1964. Chenjerani pang'ono: mabogi sankapentedwa onse tsiku limodzi, choncho zilembo zakale zinkatha kukhalabe zaka zingapo kampani itasintha. Zilembo zatsopano ndizo zodalirika, chifukwa zimakuuzani kuti chithunzi sichingakhale chakale kuposa chaka chakuti.

Mukaona TZR musafulumire kunena kuti ndi ku Mozambique. Mabogi a Trans-Zambezia Railway ankalowa mpaka muno, makamaka mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935. Koma mutu wa sitima wolembedwa RR ndi wa Rhodesia Railways, ya kumene lero kuli Zimbabwe ndi Zambia, ndipo zithunzi zotere zimazungulira kwambiri pa Facebook zitapatsidwa maina a kwathu kuno. Poti mpata wa pakati pa zitsulo za njanji ndi wofanana, mamilimita 1,067, diso lokha silisiyanitsa.

Mbiri ya njanjiyo imathandizanso kugwira bodza. Sitima za dizilo zinayamba kulowa m'ma 1960 ndipo za malasha zinaima kumayambiriro kwa m'ma 1970. Njanji inafika ku Lilongwe mu 1979, ku Mchinji mu 1980. Ndiye wina akakuonetsani sitima yofuka utsi wa malasha ati inali pa ntchito ku Mchinji, dziwani kuti wasokoneza. Chimodzimodzinso chithunzi cha pa Balaka kapena pa Chipoka cholembedwa 1920 ndi cholakwika, nthawi imeneyo njanji inkathera mu Blantyre.

4. Pezani malo

Chikwangwani cha dzina chikaoneka, mwapuma. Chikapanda kuoneka, siyani nyumbayo, chifukwa timasiteshoni tambiri tinkamangidwa mofanana, malata ndi kakhonde. Yang'anani kumbuyo kwake. Nyumba imagwa, phiri silisuntha. Phiri la Mulanje likaoneka lonse chapatali pa malo a chidikha, ganizirani za Luchenza ndi madera oyandikana nawo. Njanji yopanikizika pakati pa mtsinje ndi zitunda ikhoza kukhala ya m'mbali mwa Ruo, pokwera kuchokera ku Chiromo. Milambe ndi migwalangwa ikukutumizani kuchigwa kapena kunyanja.

Thanki ya madzi ya pamwamba pa nsanamira ndi umboni wabwino koposa. Sitima ya malasha inkayenera kumwa madzi panjira, ndipo maziko a thanki amakhalitsa kuposa makoma. Mukapita kumaloko, yambani mwaonekera kwa a mfumu, kenaka onetsani chithunzicho kwa akuluakulu awiri kapena atatu, aliyense payekha. Mukawafunsa ali pagulu onse amangovomereza zimene wanena woyamba. Ndipo pamene sitima ikudutsabe, musaime pakati pa njanji pojambula.

5. Yerekezani ndi zosungidwa kale

Laibulale ya Society of Malawi ili m'chipinda cha pamwamba ku Mandala House, nyumba ya mu 1882, ndipo kuli zithunzi ndi mabuku akale. Ku Chichiri Museum kuli mutu wa sitima ya malasha panja, wothandiza kuti diso lizolowere zimene mukuona pa pepala. Zikalata za boma zili ku National Archives ku Zomba. Pofufuza gwiritsani ntchito kalembedwe ka atsamunda: Cholo, Mlanje, Port Herald. Mukalemba Thyolo mudzaphonya zambiri.

6. Lembani, kenaka sungani

Pa kapepala kapadera lembani malo, chaka chongoyerekeza, maina a anthu ali pa chithunzi ndi amene wakuuzani. Pomwe mukukayika ikani chizindikiro cha funso, musalembe ngati zotsimikizika. Ngati n'kofunika kulemba kumbuyo kwa chithunzi, gwiritsani ntchito pensulo yofewa, bolopeni imadutsira kutsogolo.

Laminating (kumata chithunzi m'pulasitiki ndi makina otentha) ayi, kutentha kwake kumaononga chithunzi ndipo sikubwezeka. Ikani chilichonse mu envulopu yakeyake, m'bokosi lokhala pamwamba, kutali ndi khoma la chinyezi ndi chiswe. Chiperoni chikadutsa tsegulani bokosilo muone ngati mwayamba nkhungu. Za m'foni zija tumizaninso kwa eni ake, ndipo musanaziike pa Facebook muwapemphe kaye.