Ulendo wokayeza misewu ku Kruger

Achimwene, mwafunsa mmene mungakonzekerere ntchito yokayeza misewu ku Kruger, paki ya nyama zakutchire ya ku South Africa, kuchokera kuno ku Johannesburg.

Yambani mwaonana ndi adokotala, chifukwa kumeneko kuli malungo. Kenako longedzani madzi ambiri, chipewa ndi mabatire otchaja kale a GPS (makina osonyeza malo pamene muli).

Patsikulo nyamukani mbandakucha. Kudzera m'misewu ya N12 ndi N4 mpaka pageti la Malelane ndi maola pafupifupi 5. Thirani mafuta ku Mbombela, muonenso jeke ndi tayala lapadera.

M'pakimo liwiro lisapitirire makilomita 50 pa ola pamsewu wa tala, 40 wafumbi. Apa ndiye ndikutsindika: musatsike m'galimoto kukaimika makina oyezera popanda mlonda wamfuti pambali panu. Njati imabisala m'udzu wautali, simungaione mutaweramira makinawo. Mubwerere kumsasa geti lisanatsekedwe.