Apolisi Akakumenyani mu Harare: Zochita Kuyambira Pamsewu Mpaka Kukhothi

Madandaulo ambiri a anthu omenyedwa ndi apolisi amafera m'njira, osati chifukwa wodandaula akunama, koma chifukwa amakafika kwa loya mabala atapola, pepala la dokotala alibe, wapolisi amene anam'menya sakumudziwa, ndipo nthawi yosumira yatha. Zimene zimaphwanya kapena kulimbitsa mlandu zimachitika m'masiku atatu oyamba. Wogulitsa malonda ku Mbare Musika, kondakitala wa pa siteji ya makombi ya Copacabana, mnyamata wa ku Epworth kapena Mufakose, aliyense ayenera kuwadziwa masiku amenewa asanamugwere.

Lamulo limalola wapolisi kugwiritsa ntchito mphamvu, koma lili ndi malire. Gawo 42 la Criminal Procedure and Evidence Act limamulola kutero pamene munthu akukana kumangidwa kapena akuthawa, ndipo mphamvuyo iyenera kulingana ndi vuto lomwe lilipo. Munthu akakhala pansi, manja ali mu unyolo, palibenso chokana. Ndodo iliyonse yotera pamsana pake kuyambira pamenepo ndi mlandu womenya munthu, womwe uli pa gawo 89 la Criminal Law Code, ndipo yunifolomu siufafaniza. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 53, amaletsa kuzunza munthu kapena kumuchitira nkhanza zonyazitsa, ndipo gawo 86 limati ufulu umenewu palibe lamulo lingauchepetse, ngakhale munthuyo atakhaladi wakuba.

Pamsewu si pokambira malamulo. Manja aonekere, musathamange, musakankhe dzanja la wapolisi ngakhale akukokani lamba. Chifukwa chake n'chakuti gawo 176 la Criminal Law Code limanena za kumenya kapena kulimbana ndi wapolisi, ndipo ndilo limene womenyedwa amapezeka atapatsidwa mawa lake kuti mabala ake apeze chowiringula. Funsani kamodzi, mofatsa, kuti akukumangirani chiyani. Ngati pali wodziwana naye pafupi, nenani mokweza dzina lanu ndi la m'bale woti auzidwe.

Pamene zikuchitika, mutu uzigwira ntchito yosunga zinthu: malo enieni, nthawi, anali angati, nambala ya galimoto, dzina limene anzake anamuitana nalo, chipsera, msinkhu, udindo wa pamapewa. Chofunika kwambiri n'kusiyanitsa amene wakumenyani. Apolisi a boma a ZRP (Zimbabwe Republic Police), a Support Unit aja a zishango ndi zisoti, apolisi a khonsolo amene amathamangitsa mavenda, asilikali, ndi ovala za wamba, onsewa ali ndi mabwana osiyana. Mukasumira Unduna wa Home Affairs, umene umayang'anira ZRP, pamene anakumenyani ndi a khonsolo ya Harare, mlandu ugwa musanalankhule n'komwe. Woima pambali amene akujambula aime patali, ayambe ndi kuonetsa chikwangwani cha msewu kapena sitolo kuti malo adziwike, ndipo atumize kanemayo kwa munthu wina nthawi yomweyo foni isanalandidwe. Pa WhatsApp atumize ngati document, chifukwa njira yamasiku onse ija imachepetsa chithunzi ndi kuchotsa tsiku ndi nthawi zobisika mkati mwake.

Za utsi wokhetsa misozi n'zachidule. Chokani kumene mphepo ikupita, musatikite maso, tsukani ndi madzi ozizira ambiri kwa mphindi 10 mpaka 15, vulani zovala ndi kuzichapa pazokha. Mafuta odzola amamatiza mankhwalawo pakhungu, choncho asiyeni. Utsi ukalowa m'nyumba kapena mu kombi, tulutsani ana, okalamba ndi odwala mphumu poyamba. M'malo otsekeka utsiwu ungathe kupha.

Mukafika kupolisi, kaya ndi ku Matapi, ku Machipisa kapena ku Harare Central, gawo 50 la malamulo aakulu ndilo lanu. Ayenera kukuuzani chifukwa chomwe akumangirani. Ayenera kukulolani kuimbira mkazi kapena mwamuna wanu, m'bale kapena loya mosachedwa, boma ndilo lilipire foniyo. Muli ndi ufulu woonana ndi dokotala amene mwasankha, ngakhale ameneyo mumalipira nokha. Muli ndi ufulu wokhala chete. Ndipo pasanathe maola 48 ayenera kukutengerani kukhothi kapena kukutulutsani. Maolawa saima Loweruka, Lamlungu kapena pa holide, ndiye mawu akuti "mudikira Lolemba" kwa munthu wogwidwa Lachinayi alibe maziko. Onetsetsani kuti dzina lanu ndi nthawi yomwe mwalowa zalembedwa m'buku la osungidwa m'chitokosi, ndiponso kuti foni, ndalama ndi katundu wolandidwa zalembedwa mukuona. Achibale akazungulira mapolisi osakupezani, lamulo limalola munthu wina aliyense kukapempha High Court kuti ilamule apolisi akubweretseni.

Pa sitetimenti ndi pamene ambiri amadzimangirira okha. Munthu wamenyedwa, watopa, akungofuna kutuluka, ndiye amasaina pepala lolembedwa m'Chingelezi osaliwerenga. Musasaine chimene simunachimve. Mutha kunena kuti mudzayankha loya wanu alipo, kapena kuti mudzayankha kukhothi. Ngati Chishona kapena Chingelezi chikukuvutani pa nkhani zolemera chonchi, pemphani womasulira. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka pa gawo 6 la malamulo aakulu a Zimbabwe, ndipo kukhothi woimbidwa mlandu ali ndi ufulu woti zonse zimasuliridwe m'chilankhulo chimene akumva. Chimodzimodzinso chindapusa cholipira pakauntala: kulipira ndi kuvomera kuti munalakwa, ndipo pepala lake adzalitulutsa tsiku lomwe mudzati anakugwirani popanda chifukwa. Nthawi zina munthu wovulala kwambiri amalipira kuti athamangire kuchipatala, ndipo palibe angamudzudzule. Koma atenge lisiti yokhala ndi chidindo. Ndalama yopanda lisiti ndi chiphuphu, ndipo imam'sandutsa nayenso wolakwa.

Tsiku loyamba kukhothi, ku Rotten Row kapena ku Mbare, majisitireti amafunsa ngati muli ndi dandaulo pa apolisi. Ambiri amayankha kuti alibe, poopa kuti belo iwavuta kapena poona wapolisi yemweyo atakhala kumbuyo. Yankho limenelo limalembedwa, ndipo loya wa boma adzaliwerenga mokweza pambuyo pake. Nenani: anandimenya tsiku lakuti, pamalo akuti, ndi chakuti, m'malo akuti a thupi. Onetsani mabala, pemphani kuti khothi lilamule kuti mupimidwe ndi dokotala. Ngati munasaina sitetimenti chifukwa cha ndodo, neneraninso pomwepo, pakuti gawo 70 la malamulo aakulu limalola khothi kukana umboni wopezedwa mophwanya ufulu wa munthu.

Mukangotuluka, chipatala chiyambe, kunyumba pambuyo. Parirenyatwa, Sally Mugabe imene ambiri amaitchabe Gomo, Chitungwiza Central kapena dokotala wolipira, chachikulu n'chakuti akhale dokotala woti angathe kulemba lipoti lolumbirira la kukhothi. Ena amachita manyazi kapena mantha n'kumuuza dokotala kuti anagwa. Likalembedwa liwu limenelo pakhadi, kulichotsa n'kovuta. Muuzeni zoona, ndipo aone paliponse: pamsana, m'matako, m'ntchafu, m'mikono momwe munadutsa unyolo, ndi pansi pa mapazi, pamene pamamenyedwa dala chifukwa sipaonetsa msanga. Bala lililonse alilembe malo ake ndi kukula kwake. Nthiti kapena dzanja zikamapweteka mukagwira, pemphani ekisire.

Pali choopsa china chimene anthu sachiona. Minofu ya m'matako ndi m'ntchafu ikaphwanyidwa kwambiri ndi ndodo, imatulutsa zinthu zimene zimakatseka impso. Munthu amaoneka ngati akuchira, koma mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, kenako umachepa. Mukaona zimenezi musadikire kuche. Pamafunika diripi ndi kuyeza magazi. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac amaonjezera vuto la impso, choncho musagule pamsika n'kumangomwa. Amene wamenyedwa kumutu ndipo akusanza, akuwodzera mosazolowereka kapena akusokonezeka, nayenso ndi wothamanga naye.

Zithunzi zijambulidwe tsiku loyamba, ndiponso lachiwiri ndi lachitatu, chifukwa mikwingwirima yakuya imachedwa kutuluka, makamaka pakhungu lakuda. Jambulani masana pamalo owala. Chithunzi choyamba chionetse nkhope ndi bala pamodzi kuti asadzati ndi thupi la wina, chachiwiri chiyandikire, rula itagona pambali pa balalo. Ndodo imasiya mizere iwiri yoyenderana, pakati pake pali potuwa, ndipo dokotala wodziwa amaizindikira. Malaya a magazi musachape. Aumitseni, muwaike mu envelopu kapena m'thumba la pepala, poti m'pulasitiki amachita nkhungu. Usiku womwewo lembani zonse motsatana ndi nthawi yake, muike tsiku, musaine. Mboni muzitenge manambala awiri, yake ndi ya m'bale wake, pakuti mavenda amasamuka ndipo mafoni amatayika. Malisiti a chipatala, a mankhwala ndi a mayendedwe, ngakhale masiku amene simunagulitse, zonsezi ndizo zidzawerengedwe pa chipukuta misozi.

Dandaulo lili ndi makomo angapo, ndipo kulowa pa lina sikutseka linzake. Mutha kukatsegula mlandu womenyedwa kupolisi, bwino ina osati imene munamenyedwerayo, ndipo musachoke opanda nambala ya RRB, buku limene apolisi amalembamo madandaulo amene alandira. Akakana kulemba, funsani mkulu wa polisiyo, Officer-in-Charge. Nayenso akakana, lembani kalata kwa mkulu wa apolisi wa chigawocho kapena ku Police General Headquarters, ndipo kope lanu alidinde. Musapite nokha. Kunja kwa polisi kuli Zimbabwe Human Rights Commission, ndiponso Zimbabwe Independent Complaints Commission, imene gawo 210 la malamulo aakulu linalonjeza mu 2013 koma lamulo lake linadzabwera mu 2022. Kunena zoona, makomo awa amayenda pang'onopang'ono, ndipo kuwadikira kwadyetsa anthu ambiri nthawi ya khomo limene limabala ndalama, lomwe ndi kusumira boma.

Apa ndi pamene kalendala imaluma. Police Act, pa gawo 70, imati mlandu wosumira apolisi uyambe pasanathe miyezi 8 chichitikireni nkhaniyo. State Liabilities Act nayo imafuna kuti boma lipatsidwe kalata yolidziwitsa masiku 60 samani isanatuluke. Mukaphatikiza ziwirizi, kalata iyenera kukhala itafika mwezi wachisanu ndi chimodzi usanathe, ndipo loya wanzeru amaitumiza mwezi woyamba. Musadikire kuti mlandu umene akukuimbani uthe kaye. Wopanda ndalama za loya apite ku Zimbabwe Lawyers for Human Rights, Zimbabwe Human Rights NGO Forum, Legal Resources Foundation kapena ku Legal Aid Directorate ya boma. Counselling Services Unit imathandiza pa chithandizo cha thupi ndi maganizo. Dziwaninso kuti ngakhale mutapambana, boma limachedwa kulipira, ndipo loya amafunika kulondolabe.

Ambiri a ife a makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique timameza nkhanza poopa kuti chitupa cholembedwa kuti mlendo chidzatitembenukira. Ufulu wa pa gawo 50 ndi 53 la malamulo aakulu ndi wa munthu aliyense, osati nzika zokha. Komanso gawo 43 limati wobadwira m'Zimbabwe malamulowa asanayambe, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, ndipo ankakhala kuno pamene malamulowo ankayamba kugwira ntchito, ndi nzika yobadwa. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi angapemphe kuti ofesi ya kazembe wa Malawi mu Harare idziwitsidwe za kumangidwa kwake. Koma wopanda mapepala okhalira m'dziko aonane ndi loya asanaponde kupolisi kukadandaula.

Zikafika poti munthu wamwalira ali m'manja mwa apolisi kapena atangotuluka, banja lisafulumire kuika maliro kapena kunyamula thupi kupita kumudzi, ngakhale wina atalonjeza bokosi ndi galimoto. Thupi lipimidwe kaye, banja lipemphe kudzera kwa loya kuti dokotala wawo akhalepo popima, ndipo litenge kope la lipotilo lisanasaine pepala lililonse lolandirira thandizo.